Foni yakakamira pa "Obtaining IP address"? Musathamangire kugula bandulo

Zija foni ikuiona WiFi bwinobwino, pasiwedi mwalemba yolondola, koma yangoima pa "Obtaining IP address" mpaka mwatopa, ambiri kuno ku Kasungu amathamangira kukagula bandulo ina. Kutaya ndalama kumeneko abale, vuto lili pakati pa foni ndi rauta, ku intaneti simunafikeko n'komwe.

Rauta imagawa manambala otchedwa IP address, kagawidwe kake ndi kamene amati DHCP, foni ikalowa imapatsidwa yakeyake monga 192.168.8.101, ikapanda kulandira imangokhala pakhomo. Pa laputopu ya Windows tsegulani cmd (kawindo kolembamo malamulo) mulembe ipconfig, mukaona nambala yoyamba ndi 169.254 dziwani kuti kompyuta yadzipatsa yokha poti rauta sinayankhe. Lembani ipconfig /release kenako ipconfig /renew. Pa foni dinani dzina la WiFi, musankhe Forget mulowenso. Zikakanika zimitsani rauta kamphindi muyatsenso, nthawi zambiri zimathera pompa makamaka magetsi akangobwera kumene.

Koma chimene chinandizunguza mutu ine kushopu yanga ya fotokope pa boma ndi ichi, nyengo yogulitsa fodya anthu amadzadza ndiye aliyense "achimwene tipatseniko pasiwedi", pofika masana foni zatsopano osalowa pomwe zolowa m'mawa zikugwira bwinobwino. Kani manambala anatha! Rauta inali ndi manambala 50 okha ndipo iliyonse imasungidwa maola 24, munthu wakwera kale minibasi ali ku Santhe koma nambala yake ikumudikirabe. Tembenuzani rauta muone sitika yapansi, pali adilesi monga 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1, ilembeni mu Chrome, pitani pa DHCP, wonjezerani manambala afike 200 ndipo lease time (nthawi imene nambala imasungidwa ija) muitsitse ikhale maola awiri. Ka MiFi kokha musalimbane nako, kali ndi malire a foni zimene kamalola, chotsani ena basi.

Ngati munalumikiza rauta yachiwiri kuti netiweki ifike kuseri, zimitsani DHCP pa imodzi, ziwiri zikamagawa zimasokonezana. Ndipo amene munatchera MAC filter (yosankha foni zololedwa poona MAC, nambala yozindikirira foni iliyonse) pothana ndi aneba, foni za Android 10 kupita m'mwamba zimabisa MAC yeniyeni, musankhe device MAC pa WiFi imeneyo.

Za Static IP, kudzilembera nokha nambala pa foni, ine sindizikonda, mukalemba nambala yomwe ili kale ndi wina nonse muvutika. Koma zikathina ikani ya kumapeto ngati 192.168.1.240 (kapena 192.168.8.240 ngati pa sitika pali 192.168.8.1), gateway ikhale adilesi ya pa sitika ija.