Musanasakanize nsomba m'thanki yaikulu ya pabalaza

Thanki yanga kuno ku Senga Bay ndi ya malita 450, yotalika mita imodzi ndi theka. Alendo akaiona amati ndiikemo chambo ndi kampango, poti nyanja ili pomwepa. Ayi ndithu. Nsomba za m'nyanja imodzi si zonse zingagone nyumba imodzi.

Yambani mwasankha: mbuna, kapena utaka ndi Aulonocara (nsomba za maonekedwe owala zosaka chakudya pamchenga). Mbuna ndi za m'miyala, zimapala ndere, ndipo ndewu ili m'magazi. Zinazi n'zofatsa, zimafuna mchenga ndi malo osambira momasuka. Mukaziphatikiza, zofatsazo zimathamangitsidwa mpaka zipsepse kung'ambika. Chakudya nachonso n'chosiyana. Mbuna mukamazipatsa zanyamanyama zambiri zimatupa mimba n'kufa.

Ine mtima wanga uli pa mbuna. Woyamba kumene atenge zachikasu zija, Labidochromis caeruleus, sizivuta. Melanochromis auratus ndi yokongola koma yolusa, muisiye kaye.

Chodabwitsa n'chakuti mbuna zikachepa ndewu ndiye imakula, chifukwa yamphongo yamphamvu imasankha imodzi n'kumaizunza tsiku lonse. Zikachulukirapo, ukali wake umagawikana. M'thanki ngati yangayi muikemo 20 mpaka 25, mitundu itatu kapena inayi yosafanana maonekedwe, yamphongo imodzi pa zazikazi zitatu kapena zinayi. Unjikani miyala yokhala ndi mapanga ambiri, ndipo ikhazikike pansi penipeni musanathire mchenga. Mbuna zimakumba, mwala wokhala pamchenga ukhoza kugumuka n'kuswa galasi.

Mukaona yaikazi yaleka kudya, kukhosi kwatupa, musadere nkhawa. Yafungatira mazira m'kamwa, ndipo pakatha pafupifupi milungu itatu ilavula tiana.

Kaligono musamuike pamodzi ndi tinsomba tating'ono. Amadzigoneka chammbali pamchenga ngati wafa, kansomba kakayandikira n'kukameza. Iliyonse yoti ingakwane m'kamwa mwa inzake, dziwani kuti idyedwa. Nkholokolo za m'nyanja yathuyi ndiye zimakhala bwino ndi mbuna.

Fyuluta, kamakina kosefa madzi, iyambe yayenda milungu 4 mpaka 6 musanadzaze thanki ndi nsomba. Madzi akhale a madigiri 24 mpaka 28, pH (muyeso wa asidi m'madzi) pafupifupi 8, ndipo a pampopi muwachotse klorini. Sabata iliyonse sinthani gawo limodzi mwa magawo anayi. Kutentha kwa mu Okutobala kuno ku Salima mukukudziwa, choncho thanki isakhale pawindo. Sunganinso kapampu ka mabatire kopopera mpweya magetsi akazima, chifukwa thanki yodzaza chonchi mpweya suchedwa kutha.

Zilumba za Maleri zili m'paki ya Lake Malawi National Park, musakagwireko nsomba. Gulani kwa anthu amene ali ndi chilolezo. Zatsopano zikhale kaye pazokha m'kathanki kena milungu iwiri kapena itatu kuti muone ngati zilibe matenda. Tsiku loziphatikiza, sunthani miyala kuti zakale zisokonekere malire awo, kenako muzimitse nyale mpaka m'mawa.