Mmene mungadziwire zimene owerenga akufuna musanalembe buku

Ambiri amene amalemba mabuku ophunzitsa zinthu, monga a bizinesi, a zaumoyo kapena a kaleredwe ka ana, amayamba ndi zimene iwo akudziwa. Koma wogula buku amabwera ndi vuto lake, ndipo ntchito yanu ndi kulisaka vutolo.

Choyamba, sankhani munthu mmodzi woti mumulembere. Osati "aliyense". Tinene kuti ndi munthu amene wangoyamba kabizinesi ndipo akudya mpamba poganiza kuti ndi phindu.

Kenako lowani pa Amazon kapena Goodreads (masamba a pa intaneti pamene owerenga amalemba maganizo awo pa mabuku), pezani mabuku asanu kapena khumi a mutu womwewo, muwerenge ndemanga za owerenga. Kumeneko anthu amapereka nyenyezi kuyambira 1 mpaka 5. Za nyenyezi 5 musataye nazo nthawi, zambiri ndi matamando okhaokha, pomwe za nyenyezi 1 nthawi zina ndi mkwiyo chabe. Ine ndimakhalitsa pa za nyenyezi 3. Munthu wotereyu analiwerenga bukulo, analikonda ndithu, koma china chake chinasowa, ndipo amachitchula: mwina zitsanzo zinachepa, mwina wolembayo anachulutsa zokamba za iye mwini osanena poyambira. Koperani madandaulowo m'kope mmene alilimo, osawakonza. Dandaulo likabwera katatu kuchokera kwa anthu osiyana, lilembeni mzere kunsi.

Pa Google, lembani chiyambi cha funso n'kuona mmene akulimalizira, poti zimenezo ndi zomwe ena amafufuza. M'magulu a pa Facebook, onani mafunso amene amangobwerezedwa.

Tsopano chezani ndi anthu enieni, ngakhale asanu okha. Apa m'pamene ambiri amaphonya. Musafunse kuti, "Ndikalemba buku lotere mudzagula?" Munthu safuna kukukhumudwitsani, adzangoti eya. M'malo mwake mufunseni za zimene zinachitika kale: vutoli linakugwerani liti komaliza, munatani, munafunsa ndani, zinathandiza? Mukafunsa, khalani chete. Achibale asiyeni kaye, amakukondani kwambiri.

Mukatero, sanjani zonse zomwe mwatola m'magulu, funso lalikulu lililonse likhale mutu wa m'bukulo. Lembani mutu umodzi wokha, muupereke kwa atatu mwa anthu aja, ndipo muwapemphe kuti achonge pamene anatopa, pamene anasokonezeka ndi pamene analumpha. Konzani malo amenewo musanayambe mutu wachiwiri.