Momwe mungakwezere Ubuntu pa seva yomwe mumaifikira ndi SSH yokha

Seva ili ku Johannesburg kapena ku Falkenstein ku Germany, inu muli ku Blantyre, mumaifikira ndi SSH, njira yolowera m'seva muli kutali. Ikakana kuyaka mutaikweza kuchoka pa Ubuntu 22.04 kupita pa 24.04, palibe batani loti mudine. Ntchito yaikulu ndiye kukonza njira yobwerera musanakhudze chilichonse.

Yambani ndi backup: database, mafayilo a webusaiti ndi foda yonse ya /etc muzikopere kwina, osati pa seva yomweyo. Ngati kampani yomwe mumabwerekako seva imalola snapshot (kope la seva yonse momwe ilili pano), tengani. Funsaninso ngati ili ndi rescue mode (njira yolowera m'seva ikakana kuyaka), monga ilili kampani ya Hetzner, ndipo muiyese lero zinthu zisanavute.

Kenako lembani sudo apt update ndi sudo apt full-upgrade, muyambitsenso seva. Anthu ambiri amadumpha apa, koma seva yomwe yalephera kubwerera pa reboot wamba siidzabwerera pambuyo pa upgrade. Onaninso malo otsala ndi df -h, makamaka /boot. Ngati muli pa 20.04, muyenera kudzera pa 22.04 kaye.

Tsopano tsegulani tmux, pulogalamu yomwe imasunga ntchito ikuyenda pa seva ngakhale kulumikizana kutaduka. Magetsi akathima kapena bundle ikatha pakati pa ntchito, upgrade imapitirira pa seva, inu n'kudzalowanso ndi tmux attach. Tsegulaninso khomo lachiwiri ndi sudo ufw allow 1022/tcp, chifukwa do-release-upgrade, pulogalamu yokwezera Ubuntu, ikazindikira kuti mwalowa ndi SSH imayatsa SSH ina pa port 1022 yoti mulowerepo ngati ya pa 22 yagwa. Pulogalamuyi siitsegula firewall yokha.

Mukatero lembani sudo do-release-upgrade, ndipo musachokepo. Idzafunsa za mafayilo omwe munawasintha. Ikafika pa sshd_config, fayilo la makonzedwe a SSH, sungani lanu lakale, makamaka ngati munasintha port kapena mumalowa ndi key. Mafayilo enawo mutha kuwakonza mawa, koma ili likalakwika mwadzitsekera kunja.

Ikapempha reboot, tsegulani kaye terminal ina muone ngati mukulowabe, kenako vomerani. Dikirani mphindi zingapo musanachite mantha.

Seva ikabwerera, lsb_release -a ikuonetsani 24.04. Tsekani port 1022, muyatsenso ma repository a kunja omwe upgrade inazimitsa, muyese webusaiti, poti PHP imachoka pa 8.1 kufika pa 8.3. Mukafuna kusintha za netiweki, gwiritsani netplan try, yomwe imabweza zakale pakatha masekondi 120 ngati simunavomere.