Timabanzi tating'ono ta kochi wa ku Germany

Ndimamasulira nkhani ya timu ina ya mpira ya ku Germany kupita m'Chingerezi, ndiye ndinakakamira pomwe kochi ananena kuti "wir müssen kleinere Brötchen backen". Pulogalamu yomasulira ya pafoni inangondipatsa zoti tiphike timabanzi tating'ono, koma nkhani yonse munalibe bekale olo ufa, zinali zogonja basi. Ndinasaka mu dikishonale ya Chijeremani yotchedwa Duden kenako ndikuwerenga nkhani zina za mpira momwe amagwiritsira ntchito mawuwa, mpomwe zinamveka kuti akunena zochepetsa zokhumba, asiye kaye kulota chikho poti zinthu zavuta. Buledi ndinamuchotsamo, ndinalemba "we have to lower our sights". Ena angakonde "eat humble pie" koma ayi, ameneyo ndi wovomera kulakwa, kochiyu sanapepese aliyense.