Sungani mapepala a kampani kuti nyumba yanu isalowe m'milandu yake

Anthu ambiri akalembetsa kampani n'kulandira satifiketi yake, mtima umakhala m'malo. Amati basi, kampani ikamira m'ngongole kapena wina akaisumira, nyumba yanga, galimoto yanga ndi ndalama za ana anga palibe wozikhudza. Ganizoli n'loona, koma ndi theka lokha la nkhani. Satifiketi ndi maziko chabe. Khoma lolekanitsa chuma chanu ndi chuma cha kampani mumalimanga nokha tsiku ndi tsiku, ndipo njerwa zake ndi mapepala amene ambiri amawanyalanyaza.

Tiyambe n'kumvetsa chimene lamulo limakupatsani. Kampani yolembetsedwa, ija dzina lake limathera ndi Limited kapena Ltd, lamulo limaiona ngati munthu payekha. Imagula, imagulitsa, imakongola, imasumira anzake, nayonso imasumiridwa. Ikagwa, mwini masheya amataya zokhazo zimene anaikamo. Mfundoyi inazika mizu pa mlandu wa Aron Salomon, wopanga nsapato wa ku London, amene mu 1892 anasandutsa bizinesi yake kukhala kampani. Iye anatenga masheya 20,001, ndipo mkazi wake ndi ana ake asanu aliyense anali ndi sheya imodzi. Kampaniyo itagwa, panabuka mfundo yoti kampani ndi Salomon yemweyo, choncho alipire ngongole zake kuchokera m'thumba mwake. Makhoti awiri oyamba anavomereza zimenezi, koma kumapeto kwa 1896 bwalo la House of Lords, lomwe linali lalikulu kuposa onse ku Britain pa nthawiyo, linakana. Linati kampani inalembetsedwa motsata lamulo, ndiye ngongole zake ndi zake. Mpaka lero mayiko ambiri amatsata chigamulo chimenechi.

Apa ndiime kaye. Ngati munangolembetsa dzina la bizinesi, osati kampani, khoma limeneli mulibe. Bizinesi ya munthu mmodzi yotere ndi inu nomwe, ndipo ngongole zake ndi zanu. Yang'anani bwino satifiketi yanu kuti ikunena chiyani, chifukwa ambiri amazindikira kusiyanaku zinthu zitavuta kale.

Nanga khomali limagwa bwanji? Loya wa amene wasumira kampani yanu akaona kuti kampaniyo ilibe ndalama zokwanira, amatembenukira kwa inu. Amapempha khoti kuti liyang'ane kuseri kwa kampani n'kuona amene wabisala kumeneko. Funso limene khoti limadzifunsa ndi losavuta kulimva: kodi mwini wakeyu ankaitenga kampaniyi ngati munthu wina, kapena linali thumba lake lachiwiri? Yankho salifunsa pakamwa panu. Amaitanitsa masitetimenti a kubanki, maminitsi a misonkhano, kaundula wa eni masheya, makontirakiti ndi malisiti.

Pali mlandu wa ku United States wa 1991 umene umaphunzitsa bwino. Kampani yonyamula katundu panyanja ya Sea-Land Services inasumira kampani ya Pepper Source chifukwa chosalipira ndalama zonyamulira katundu. Pofika nthawi yolipira, Pepper Source inalibe kalikonse. Atafufuza anapeza kuti mwini wake ankayendetsa makampani angapo mu ofesi imodzi, pa nambala imodzi ya foni. Ndalama ankazisuntha kuchoka ku kampani iyi kupita ku inayo mmene wafunira. Pa maakaunti a makampaniwo ankalipirapo sukulu ya ana ake, kukonzetsa magalimoto ake, ngakhale chithandizo cha chiweto chake. Misonkhano ya kampani kunalibe. Mlanduwo unatenga nthawi, chifukwa khoti linafunanso umboni wakuti kusiya khomalo lili chiimire kukanabweretsa chisalungamo, koma pamapeto pake mwini wakeyo anagamulidwa kuti alipire yekha. Taonani kuti palibe chimene anachita chomwe n'chachilendo. Zonsezi ndi zizolowezi zimene eni makampani ang'onoang'ono ambiri ali nazo lero lino.

N'zoona kuti makhoti sachita mofanana kulikonse. Ku Britain, bwalo lalikulu pa mlandu wa Prest ndi Petrodel mu 2013 linanena kuti khomali ligwetsedwe pokhapokha munthu akagwiritsa ntchito kampani mwadala pothawa udindo umene anali nawo kale. Ku United States makhoti amayang'ana kwambiri kusakaniza ndalama, kuchepa kwa mpamba ndi kusatsata ndondomeko. Choncho funsani loya za lamulo la kumene munalembetsa kampani yanu. Koma kulikonse kumene muli, amene ali ndi mapepala olongosoka amalowa m'khoti ali ndi poimira.

Choyamba ndi chachikulu pa zonse ndi ndalama. Kampani ikhale ndi akaunti yakeyake ku banki, m'dzina lake. Kasitomala akalipira, ndalama zilowe mmenemo, osati pa akaunti yanu kapena pa nambala ya foni yanu. Ndikudziwa chimene chimachitika. Sukulu yatumiza kalata kuti fizi ya mwana ikufunika mawa, akaunti yanu ilibe kanthu, pamene ya kampani ili ndi ndalama. Mumtima mumati, si zanga zomwe kodi? Mukatenga khadi la kampani n'kulipira osalemba paliponse, mwachotsa njerwa imodzi pakhoma. Kamodzi sikangagwetse khoma, koma zaka zitatu za khalidweli zimaoneka poyera pa sitetimenti ya kubanki, mzere ndi mzere, ndipo loya wa amene wakusumirani adzaiwerenga ali ndi cholembera m'manja.

Sikuti n'koletsedwa kudya thukuta lanu. Pali njira zitatu zoyera zotulutsira ndalama m'kampani. Mutha kudzilipira malipiro a pamwezi monga wantchito, n'kudula msonkho wake. Mutha kugawana phindu monga eni masheya, koma pokhapokha phindulo lilipodi ndipo pali chigamulo cholembedwa chovomereza. Kapena mutha kukongola ku kampani, polemba tsiku, kuchuluka kwa ndalama ndi nthawi yobweza, kenako n'kubwezadi. Ndalamazo ziyambe zalowa mu akaunti yanu, ndiyeno mulipire fiziyo kuchokera mmenemo. Kuzungulira kumeneku kumaoneka ngati kutaya nthawi, komatu ndiye umboni wakuti matumba ndi awiri. Chimodzimodzi inuyo mukathandiza kampani ndi ndalama zanu pa nthawi yovuta, lembani ngati ndi ngongole kapena mpamba woonjezera. Mukapanda kulemba, tsiku lina mudzalephera ngakhale kuitanitsa zanu zomwe.

Katundu nayenso adziwike mwini wake. Ngati kampani ikugwira ntchito m'nyumba yanu kapena ikuyendera galimoto yanu, pakhale pangano lolembedwa la lendi, ndipo lendiyo izilipidwa. Ngati muli ndi makampani awiri, iliyonse ikhale ndi mabuku ake, ndipo ina ikapatsa inzake katundu, patuluke invoisi.

Tsopano za misonkhano. Apa ndi pamene ambiri amati, dayirekitala ndine ndekha, ndikumana ndi yani? Cholinga cha maminitsi si kusonyeza kuti panali anthu ambiri. N'kusonyeza kuti chigamulo chinapangidwa ndi kampani, motsata malamulo ake, pa tsiku lodziwika. Ngakhale muli nokha, lembani chigamulo n'kusaina. Sichifunika kutalika. Tsamba limodzi likhale ndi dzina la kampani, tsiku, amene analipo, nkhani imene yakambidwa, chimene chagamulidwa ndi siginecha. Mwachitsanzo: "Madayirekitala agwirizana kuti kampani igule makina osindikizira, ndipo apatsa mphamvu woyang'anira ntchito kuti asaine pangano logulira m'malo mwa kampani." Basi. Chitani zimenezi pa zinthu zikuluzikulu monga kutenga ngongole, kugula kapena kugulitsa katundu wamtengo wapatali, kusintha malipiro a madayirekitala, kugawa phindu, kulowetsa kapena kutulutsa mwini masheya. Ndipo pamene kampani ikuchita malonda ndi inu mwini kapena m'bale wanu, lembani momveka kuti munaulula ubalewo komanso kuti mtengo wake ndi woyenera, chifukwa malonda otere ndi amene amayamba kufufuzidwa. Ku Britain lamulo la makampani la 2006 limati maminitsi a madayirekitala asungidwe zaka zosachepera 10. Ine ndimalangiza kuti musawataye n'komwe.

Kasainidwe n'kanthu kakang'ono kamene kagwetsa anthu ambiri. Pangano likhale pakati pa kasitomala ndi kampani, dzina lake lonse monga lalembedwera pa satifiketi. Pansi pake palembedwe kuti mukusaina m'malo mwa kampani, kenako dzina lanu ndi udindo wanu. Mukangolemba dzina lanu lokha, mwapatsa mnzanu mpata wonena kuti anapangana ndi inu. Mainvoisi, makalata ndi chidindo nazonso zikhale ndi dzina lonse la kampani.

Zotumiza ku boma musazichedwetse: malipoti a pachaka kwa wolembetsa makampani, mafomu a msonkho, ndi chidziwitso adiresi kapena madayirekitala akasintha. Kampani yosatumiza izi imatha kufufutidwa m'kaundula, ndipo mukapitiriza malonda m'dzina la kampani imene kulibe, udindo ungathe kugwera inu. Lembani masiku ake pa kalendala chaka chikangoyamba.

Pali zinthu zimene mapepala sangakutetezeni, ndipo ndibwino muzimve zisanakuonekereni. Banki ikamakongoza kampani yaing'ono, kawirikawiri imafuna mwini wake asaine kuti kampani ikalephera adzalipira yekha, mwinanso kuika nyumba yake ngati chikole. Mukasaina chikalata chotere mwatsegula nokha chitseko pakhoma, ndipo maminitsi anu sangachitseke. Werengani musanasaine, ndipo pemphani kuti pakhale malire a ndalama zimene mukudzimangirira. Kachiwiri, cholakwa chimene mwachita ndi manja anu chimakhala chanu. Mukagunda munthu mukuyendetsa galimoto ya kampani, kapena mukanamiza kasitomala, atha kusumira kampani pamodzi ndi inu. Apa chokuthandizani ndi inshuwalansi yokwanira. Kachitatu, kampani ikafika poti mukuona kuti singathenso kubweza ngongole, koma inu n'kumatengabe katundu pa ngongole kapena kusamutsira chuma chake kwa achibale, malamulo a mayiko ambiri amalola kuti dayirekitala alipire za m'thumba mwake. Nthawi imeneyo ndi pamene maminitsi amafunika koposa: lembani zimene munaona, uphungu umene munafunsa ndi chifukwa chimene munasankhira njira imene munatsata.

Mwina mukuwerenga izi mukudziwa kuti zaka zapitazi simunalembe chilichonse. Musachite mantha, koma chonde musakhale pansi usiku umodzi n'kupeka maminitsi a zaka zisanu mukuikapo masiku akale. Chimenecho n'chinyengo, chimagwidwa msanga, makamaka pa mafayilo a pakompyuta amene amasunga tsiku limene analembedwa, ndipo chimasandutsa mlandu wa ngongole kukhala mlandu waukulu. Njira yoyenera n'kulemba chigamulo cha lero, cha tsiku la lero, chofotokoza ndi kuvomereza zimene zinachitika kale. Kenako khalani ndi wowerengera ndalama, mudutse masitetimenti onse, mupatule zimene zinali zanu, muzilembe ngati ngongole yanu ku kampani ndipo muyambe kubweza.

Gulani fayilo imodzi yolimba. Kutsogolo ikani satifiketi ndi malamulo oyendetsera kampani, kenako kaundula wa eni masheya ndi madayirekitala, maminitsi motsatana ndi masiku ake, makontirakiti, mapepala a inshuwalansi ndi makope a zonse zimene mwatumiza ku boma. Malisiti ena amafufutika pakangopita miyezi yochepa, choncho ajambuleni tsiku lomwelo n'kusunga zithunzizo pamalo awiri osiyana, malo amodzi akhale kunja kwa ofesi. Sankhani tsiku limodzi pamwezi, mukhale pansi ola limodzi ndi sitetimenti ya kubanki, ndipo mzere uliwonse muupezere pepala lake. Mzere umene mwalephera kuufotokoza, ufufuzeni sabata yomweyo mukadakumbukira.