Kusintha injini ya Coaster yakale yogonamo paulendo

Coaster yomwe munachotsamo mipando n'kuikamo bedi, makabati ndi chitofu cha gasi ikayamba kumwa oyilo, kufuka utsi wa buluu ndi kuwira pachitunda chilichonse, dziwani kuti nthawi ya injini ina yakwana. Ine ndimakonza magalimoto a dizilo ku Biwi mu Lilongwe, ndipo basi zoterezi zimandifika pamtima chifukwa mkati mwake muli thukuta la mwini wake. N'chifukwa chake ntchito imeneyi sindiithamangira.

Choyamba werengani mtundu wa injini yomwe ilimo, wolembedwa pa block (thupi la injini) ndi pakachitsulo ka fakitale. Ma Coaster akale omwe timawaona kuno ambiri ali ndi 3B ya malita 3.4, 14B ya malita 3.7, kapena 1HZ ya malita 4.2 yomwe inayamba kupangidwa mu 1990. Ziwiri zoyambazo ndi za masilinda anayi, 1HZ ndi ya asanu ndi limodzi. Langizo langa n'lakuti bwezeranimo mtundu womwewo. Ambiri amasilira 1HZ, ndipo ndi injini yolimbadi, koma kuiika pomwe panali 3B kumafuna ma mounting atsopano, bell housing (chitsulo cholumikiza injini ndi giyabokosi) ina, ekizozi ina, ndiponso malo, poti ndi yayitali. Ndalama yomwe mukanayendera ulendo wa ku Nyika idzathera kwa owotcherera.

Kenako magetsi. Ma Coaster ambiri a dizilo ochokera ku Japan ndi a 24 volts, mabatire awiri. Wogulitsa akakuuzani kuti "bwana, iyi yachoka mu Land Cruiser, ndi yomweyo", mwina akunena zoona pa block, koma sitata, alternator, ma glow plug ndi solenoid yotseka dizilo pa pampu zitha kukhala za 12 volts. Sampu, beseni la oyilo la pansi pa injini, nayonso imasiyana. Izi zimasinthika, bola mwazidziwa musanalipire.

Pogula, kaya pa Malangalanga kaya kwa oitanitsa ma half-cut (magalimoto odulidwa pakati, ogulitsa zipangizo), musatulutse ndalama injini isanalire inu muli pompo. Pitani m'mawa, igwireni ndi dzanja, ikhale yozizira. Injini yotenthetsedwa kale imabisa matenda. Ikalira, tsekulani chotsekera oyilo n'kuchisanjika pabowo osamanga: chikamavina kwambiri ndi mpweya wotuluka mkati, ma ring a ma piston atha. Sololani dipstick, oyilo akakhala ngati tiyi wamkaka, madzi akulowa, isiyeni. Ngati mungapeze makaniko wokhala ndi geji ya compression, mulipireni apite nanu. Ndipo nambala ya pa block ifanane ndi ya pa lisiti ndi pamapepala a MRA olowetsera injiniyo m'dziko. Nambala yooneka kuti yapalidwa kapena yakhomedwanso, chokanipo ngakhale mtengo ukome bwanji.

Musanagwire sipanala, samalani nyumba ya m'basi ija. Tulutsani silinda ya gasi, matiresi ndi makatani, chifukwa fungo la dizilo likalowa m'matiresi silichoka. Phimbani sola ya padenga, chotsani waya wake pa controller, kenako masulani batire la m'nyumba ndi a galimoto omwe, kuyambira ku negative. Sola imapangabe magetsi dzuwa likamawala, ndipo waya wake ukagunda chitsulo moto umayamba pomwepo. Jambulani ndi foni paipi iliyonse ndi waya aliyense musanazule, n'kumatapo tepi yolembapo.

Injini ya Coaster imakhala pansi pa chivindikiro cha pambali pa dalaivala. Ena amaitulutsira pakhomo la m'mbali ndi kireni, ena amakweza basi n'kuitsitsira pansi. Pa basi yogonamo, makabati ndiwo amalamula: ngati atseka njira ya kukhomo, ine ndimasankha kutsitsa kusiyana n'kuphwasula ntchito ya kalipentala. Khuthulani oyilo ndi madzi, chotsani radiyeta, ekizozi, mapaipi a dizilo ndi propshaft. Chitsulo chimenechi chimalemera pafupifupi makilogalamu 300, tsono tcheni buloko ikhale ya tani imodzi, basi ikhale pa ma stand achitsulo pa simenti, matayala atsamiritsidwe. Njerwa ndi jeke yokha zapundula anthu. Munthu asalowe pansi injini ikulendewera.

Tsopano pano ndi pomwe ndimalimbikira kwambiri: injini yakale musaigulitse msanga. Anyamata ogula zitsulo adzafika tsiku lomwelo ndi ndalama m'manja, auzeni adikire. Ikani injini ziwirizo pamatayala akutha, moyandikana, muziyang'ane mbali ndi mbali. Sampu ndi paipi yake yokokera oyilo, mabulaketi a mounting, flywheel, manifold, ma sensor a kutentha ndi a oyilo, ngakhale kachitsulo kogwira kebulo ya accelerator, zonsezi zinapangidwira basi yanuyo, pomwe za pa injini yatsopano zinapangidwira galimoto ina. Sensor yachilendo imachititsa geji kunama, ndipo geji yonama ndiyo imapsereza injini. Kabulaketi kamodzi kakapita ndi ogula zitsulo, mudzazungulira Lilongwe yense osakapeza.

Injini ikadali pansi, sinthani zonse zovuta kuzifikira ikalowa: seal ya kumbuyo kwa crankshaft, kilatchi ndi ma bearing ake, water pump, ma mounting a labala. Pa 1HZ ikani timing belt yatsopano ndi tensioner, chifukwa simukudziwa kuti yomwe ilipoyo yayenda bwanji, ndipo ikaduka ma valve amagunda ma piston. Lembani makilomita kuti mudzasinthenso pa 100,000. Radiyeta ipite kokatsukitsa mkati. Thermostat ikhalemo. Ndikudziwa kuti anzanga ambiri amaichotsa poti kuno n'kotentha, koma injini yoyenda yozizira imadya dizilo ndipo imatha msanga. Thirani coolant, osati madzi a pamjigo.

Pobwezera, shaft ya giyabokosi ilowe yokha mu kilatchi. Musaikoke ndi mabawuti. Mukamaliza kulumikiza, popani kapampu ka pamwamba pa fyuluta ya dizilo mpaka kalimbe. Zulani waya wa solenoid, zungulitsani injini ndi sitata pang'onopang'ono mpaka nyali ya oyilo izime, ndiye bwezerani wayawo n'kuliza. Isiyeni ilire yokha mpaka itenthe, inu mukusuzumira pansi ndi tochi. Pondani mabuleki muone ngati vacuum ikugwira musanatuluke pageti.

Chinthu china chomwe pa basi ya matola anthu sachilabadira ndi labala wa chivindikiro cha injini ndi mfundo za ekizozi. Muno mumagona banja mawindo otseka. Mpweya wa carbon monoxide ulibe fungo, choncho labala wong'ambika asinthidwe, ndipo paipi ya ekizozi itulukire kunja kwenikweni kwa basi, kutali ndi windo la pabedi.

Nambala ya injini yasintha, tsono pitani ku Road Traffic ndi lisiti ndi mapepala aja akakonze blue book, muwauzenso a inshuwalansi. Poyesa, yambani ndi kufika pa Bunda turn-off n'kubwerera, mumangenso mabawuti, kenako Dedza. Mayeso enieni ndi kuchokera ku Salima pa M14 masana, thanki ya madzi itadzaza ndi katundu yense alimo, chifukwa mumakwera kuchokera kunyanja, pa mamita osafika 500, kufika ku Lilongwe pa mamita opitirira 1,000. Geji ya kutentha ikakhazikika pakati njira yonseyo, sinthani oyilo ndi fyuluta pa makilomita 500 oyamba, ndipo pamenepo mutha kuwaitana ogula zitsulo aja.