Mmene mungapemphere ndalama za kafukufuku wa likodzo kuno ku Mangochi

Kuno kwathu nkhani yofufuza sisowa, ana ambiri a m'mbali mwa nyanja ngati ku Makanjira amakodza magazi kamba ka likodzo, malungo nawo sapuma, nde ngati mumagwira ntchito kuchipatala kapena mwamaliza ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS lembani pulopozo yopempha ndalama ku NIAID basi.

Choyamba dziwani kuti NIAID, nthambi ya boma la America yoona za matenda opatsirana ndi ma aleji pansi pa NIH (bungwe lalikulu la kafukufuku wa zaumoyo kumeneko), ndalama zake zimapita ku bungwe osati m'thumba mwanu. Nde pezani yunivesite yoti mudutsiremo, ikhale yolembetsa pa mawebusaiti a boma la America a SAM.gov, Grants.gov ndi eRA Commons. Zimenezi zimadya masabata, yambani msanga. Malamulo a ndalama zopita kunja anasinthaso mu 2025, werengani chilengezo chatsopano musanalembe kalikonse.

Funso lanu likhale limodzi. "Kuthetsa likodzo" lakula kwambiri. Koma mukafunsa kuti bwanji ana akumwa praziquantel (mankhwala a likodzo) kusukulu koma pakatha miyezi matenda abweraso, apo pali nkhani, chifukwa mwana yemweyo mawa lake ali m'madzi kusamba ndi kutsuka mbale pomwe pali nkhono zonyamula tizilomboto. Ongoyamba kumene onani R21, mtundu wa thandizo la ndalama la NIH, ndi ya zaka zosapitirira 2.

Musakhudze munthu opanda chilolezo cha NHSRC (komiti yovomereza kafukufuku wa zaumoyo m'dziko muno) kapena komiti yotere ya ku KUHeS, mudzereso ku ofesi ya zaumoyo ya boma lino la Mangochi ndi kwa mafumu. Fomu yopempha chilolezo kwa makolo ikhaleso m'Chiyao, ndipo mu bajeti musaiwale mafuta a galimoto ndi boti.